Ndani Alamule Liwiro Pomwe Ana Athu Amawolokera?

Nkhani yomwe inakambidwa kwa makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a m'dera ku Chipasula, mumzinda wa Lilongwe

 

Ndabwera ndi nkhani imodzi, ndipo ndiinena poyamba pomwe kuti muzidziwa komwe ndikulowera. Pamalo pomwe ana a sukulu amawolokera msewu, galimoto isamapitirire liwiro la makilomita 30 pa ola, kaya msewuwo ndi wa m'makwalala mwathu muno, kaya ndi M1 weniweniyo. Mphamvu yoyambitsa zimenezi ikhale m'manja mwa anthu a pamalopo, kudzera ku komiti ya sukulu ndi khonsolo ya mzinda, mwakuti akapempha motsata ndondomeko, maofesi a misewu asamakhale ndi ufulu wongokhala chete.

Pali funso lomwe ambirife timalifunsa maliro atachitika kale: kodi msewu ndi wa yani? Misewu ya m'dziko muno inagawidwa m'magulu. Ikuluikulu, ija imayamba ndi chilembo M, monga M1 wodutsa ku Karonga mpaka ku Nsanje ndi M12 wopita ku Mchinji, ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006. Ndalama zokonzera misewu zimasungidwa ndi bungwe lina, la Roads Fund Administration, lomwe limatolera kuchokera pa mtengo wa mafuta a galimoto komanso pa zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Malamulo a kayendedwe ka pamsewu, ndi za liwiro zomwe, amachokera m'lamulo la Road Traffic Act la mu 1997, ndipo nthambi ya boma ija timangoti ku Road Traffic ndiyo imapereka malaisensi ndi kuyeza magalimoto. Wogwira munthu wothamangitsa galimoto ndi wapolisi. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe imaona za misewu ya m'kati mwa mzinda, ngalande, magetsi a m'misewu ndi misika.

Awatu ndi maofesi asanu. Tsono mayi wa ku Biwi amene mwana wake amawoloka M1 m'mawa uliwonse, akafuna kuti pamalopo pakhale hampu, agogode pachitseko chiti? Ku khonsolo akhoza kuuzidwa kuti msewuwo ndi wa Roads Authority. Kumeneko akhoza kumva kuti ndalama za chaka chino zinagawidwa kale. Apolisi anganene kuti iwo ntchito yawo ndi kugwira wolakwa, samanga mahampu. Palibe amene wamunamiza mayiyu, aliyense wanena zoona za gawo lake. Koma iye abwerera kunyumba chimanjamanja, ndipo mawa mwana awolokanso pomwe paja. M'ndondomeko yonseyi, mawu a mphunzitsi wamkulu, amene amaima pageti tsiku ndi tsiku n'kumaona ndi maso ake, ndi pempho chabe, lomwe likhoza kuyankhidwa kapena kusiyidwa m'kabati.

Izi zikuchitika m'dziko lomwe mu 1998 linakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi mfundo ya mphamvu ku anthu. Tinasankha makhansala mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005 tinakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha mu 2014. Zaka 9 zimenezo zinazoloweretsa maofesi kugamula okha, ndipo nafenso tinazolowera kudikira. Lero makhansala alipo, makomiti a chitukuko a m'mawodi alipo, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu zopanga malamulo ake ang'onoang'ono, ngakhale amayamba avomerezedwa ndi nduna. Pa za mijigo, midadada ya sukulu ndi misika, anthu a m'dera amafunsidwako maganizo. Pa za liwiro la galimoto yodutsa pakhomo pa sukulu yawo, sitinafikebe pamenepo.

Vutoli lakula chifukwa mzindawu sulinso momwe unalili misewu yake ikuluikulu ikulambulidwa. Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kalembera wa mu 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mumzinda muno. Kalembera wa mu 2018 anapeza pafupifupi 990,000. M1 anamangidwa kuti azilumikiza mizinda, koma lero mukachoka pa Bunda kudutsa Area 36, Biwi ndi Mchesi, mbali zonse ziwiri ndi nyumba, magolosale, matchalitchi, magalaja ndi sukulu. Kumpoto nakonso ndi chimodzimodzi: Kanengo, Mgona ndi njira yolowera ku Area 25, komwe nyengo ya fodya malole odzaza mabelo amapanikizana ndi ana ovala yunifolomu. Msewu wolambalala tauni unamangidwa kuti mathiraki asamalowe m'kati, ndipo unathandizadi, koma anthu a ku Chinsapo ali m'mbali mwake, ndipo ayenera kuuwoloka. Onjezerani pamenepo chaka cha 1994, pomwe maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana a m'madera athu ano ambiri sapita kusukulu pagalimoto. Amayenda pansi, kuchokera ku Chilinde, ku Kawale, ku Area 23, kuno ku Chipasula, ndipo ambiri amawoloka msewu wa Chidzanja kapena wina wotanganidwa kawiri patsiku.

Tinalirira phula m'misewu ya m'madera mwathu, ndipo pomwe lathiridwa ndimakondwera nalo monga inu nonse. Fumbi linachepa, odwala amafika msanga kuchipatala. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Maenje omwe tinkadandaula nawo aja ndiwo ankachedwetsa magalimoto. Atakwiriridwa, palibe china chomwe chinaikidwa m'malo mwake choti chizimukumbutsa dalaivala kuti pano pali ana.

Ena afunsa kuti bwanji 30, osati 50 kapena 60 zomwe timaziona pazikwangwani m'tauni. Yankho lake ndi masamu a kupulayimale. Galimoto yoyenda pa 30 imadutsa mamita 8 pa sekondi imodzi. Ya pa 50 imadutsa pafupifupi mamita 14, ya pa 60 pafupifupi 17. Dalaivala amene ali maso, wosaledzera, wosagwira foni, amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pomwe waona mwana kufika pomwe phazi laponda buleki, ndipo sekondi yonseyo galimoto ikupitabe ndi liwiro lake lonse. Paphula louma, matayala ndi mabuleki zili bwino, galimoto ya pa 30 imaima itayenda mamita pafupifupi 13 onse pamodzi. Ya pa 50 imafuna mamita 27 kapena 28. Ya pa 60 imapyola mamita 35.

Tiyerekeze kuti mwana watulukira mumsewu mamita 13 kutsogolo kwa galimoto, mtunda wofanana ndi maminibasi atatu oimitsidwa mondondozana. Woyenda pa 30 aima mwanayo asanamukhudze, kapena angomukankha n'kugwa, n'kudzuka akulira ndi bondo lonyuka. Woyenda pa 50, pofika pomwe pali mwanapo amakhala asanaponde n'komwe buleki. Amamuomba ndi liwiro lonse la 50. Dalaivala ndi yemweyo, galimoto yomweyo, mwana yemweyo, koma kwina makolo agula mankhwala a bala, kwina akukaona mwana wawo kumotchale. Dziwaninso kuti mphamvu ya kugunda siikwera mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati liwiro la magalimoto pamsewu likakwera ndi 1 pa 100 aliyense, ngozi zopha anthu zimakwera ndi pafupifupi 4 pa 100. Ndipo masamu ndanenawa ndi a galimoto yabwino pamsewu wouma. Nyengo ya dzinja, matope atakokolokera paphula, matayala atatha mano, mtunda woimira umatalika kwambiri.

Mwananso ali ndi zake zomwe akuluakulufe timaziiwala. Imani pafupi ndi sukulu iliyonse m'mawa belu lisanalire, muone. Kamtsikana ka Sitandade 4 kagwira dzanja la mlongo wake wa Sitandade 1, chikwama kumsana, kumanja kwina kanyamula tsache. Minibasi yaima ndendende pomwe amawolokera, kondakitala akuitanira anthu a ku tauni. Anawo sangaone kuseri kwa minibasiyo chifukwa ndi aafupi, ndipo wobwera kumbuyo kwake sangawaonenso. Wamkuluyo asuzumira, aona galimoto ili kutali, koma mwana wa msinkhu wake satha kuyeza bwino kuti galimoto yooneka kutaliyo ifika pa masekondi angati. Anzawo awoloka kale, akuwakodola kutsidya. Athamanga. Nthawi yomweyo njinga yamoto yatulukira kuseri kwa minibasi, itanyamula anthu awiri. Tsiku ndi tsiku ana amapulumuka pamenepa ndi kamphindi kochepa, ndipo timati Mulungu wawateteza. Ndi zoona, koma sitingamange chitetezo cha ana pa mwayi. Mwana akagundidwa, galimoto imamupeza pamutu ndi pachifuwa, pomwe wamkulu ikanamupeza m'miyendo. N'chifukwa chake sindivomereza maganizo akuti mankhwala ake ndi kungophunzitsa ana kuyang'ana kumanja ndi kumanzere. Tiwaphunzitse ndithu. Koma mwana wa zaka 6 adzalakwitsabe tsiku lina, ndipo msewu wa pasukulu uyenera kukonzedwa mwakuti akalakwitsa asafe.

WHO imati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Lipoti lake la mu 2018 linayerekeza kuti m'Malawi muno anthu pafupifupi 31 mwa 100,000 alionse amafa pamsewu chaka chilichonse, chiwerengero chomwe chinali m'gulu la zokwera kwambiri padziko, chonsecho magalimoto athu ndi ochepa poyerekeza ndi maiko olemera. Amene munadikirirapo wodwala ku Kamuzu Central mukudziwa kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu omwe amagona kumeneko, mpaka panamangidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Chiwerengero cha akufa sichiwerenga mwana amene anapulumuka koma sanabwererenso m'kalasi, kapena mayi amene anasiya geni miyezi yambiri akumudwazika.

Tonse tikudziwa zomwe zimachitika anthu akatopa kupempha. Mwana akagundidwa, achinyamata amatseka msewu ndi miyala, amaotcha matayala, dalaivala amathawira kupolisi kuopa kuphedwa, ndipo nthawi zina galimoto imatenthedwa. Kukamacha pamakhala pataunjikidwa dothi kapena patakumbidwa kangalande pamsewu. Mkwiyo umenewu ndimaumvetsa, ndipo sindingaime pano n'kunyoza kholo lomwe laika mwana m'manda. Koma hampu yomangidwa usiku ndi makasu ilibe penti, ilibe chikwangwani chochenjeza, ndipo kutalika kwake kumatengera ukali wa omangawo. Woyamba kugwa nayo ndi wakabaza wa m'dera lomwelo amene akubwerera kunyumba kutada, kapena mayi woyembekezera amene akuthamangira naye kuchipatala cha Bwaila. Pakapita masabata angapo imasalazidwa, kapena mvula imaikokolola, ndipo tabwerera pomwe tinali. Mahampu oterewa ine ndimawatenga ngati umboni. Akusonyeza kuti anthu akufuna kukhala ndi mawu pa msewu wawo, ndipo popeza lamulo silinawapatse khomo lolowera, amadzitengera mphamvuyo ndi manja. Boma lanzeru likanawatsegulira khomolo.

Sitikupempha chinthu chachilendo. Mu February 2020, nduna za maiko ambiri zinakumana ku Stockholm m'dziko la Sweden ndipo zinagwirizana kuti pomwe magalimoto amasakanikirana ndi oyenda pansi, liwiro lisamapitirire 30. Bungwe la United Nations linaika zaka za 2021 mpaka 2030 kukhala zochepetsa imfa za pamsewu ndi theka. Anansi athu ku Zambia anasintha malamulo awo kuti pafupi ndi sukulu liwiro likhale 30. Ku Dar es Salaam, bungwe lotchedwa Amend linagwira ntchito ndi sukulu komanso akuluakulu a mzinda: linkayamba ndi sukulu zomwe ana ake amavulala kwambiri, n'kuikapo mahampu, malo owolokera, njira za oyenda pansi ndi zikwangwani. Kafukufuku anapeza kuti kuvulala kwa ana m'sukulu zimenezo kunatsika ndi 26 pa 100 aliyense, ndipo ntchitoyi inalandira mphotho ya padziko lonse mu 2019. Madera a ku Dar es Salaam omwe anathandizidwawo ndi othithikana ngati Kawale kapena Mgona, ndipo zomwe zinaikidwazo ndi simenti, penti ndi zitsulo zomwe amisiri athu amazidziwa bwino.

Tsopano ndimve mbali ya otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo. Iwo amati M1 si wa anthu a ku Biwi okha. Ndi msewu wa dziko lonse, wodutsa mafuta, feteleza, chimanga ndi odwala. Dera lililonse likamadziikira liwiro lake ndi mahampu ake, ulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu udzakhala wosayendeka, katundu adzakwera mtengo, ma ambulansi adzachedwa. Ndikuvomereza kuti msewu waukulu sungagawidwe zidutswazidutswa kuti mfumu iliyonse ilamule chake. Koma tiyeze chomwe tikupempha. Chigawo cha pasukulu chikhale mamita 300. Pa liwiro la 50 galimoto imadutsa pamenepo m'masekondi 22. Pa 30 imatenga masekondi 36. Kusiyana kwake ndi masekondi 14. Dalaivala amene amatha kukhala pamzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe kwa theka la ola sangandiuze kuti masekondi 14 a pasukulu ndiwo agwetse chuma cha dziko.

Pali chenjezo lina lomwe ndilitenga mozama. Kupereka mphamvu kwa atsogoleri a m'madera sikuti nthawi zonse kumabweretsa chitetezo. Ku France, boma linatsitsa liwiro la m'misewu yambiri ya kumidzi kuchoka pa 90 kufika pa 80 mu 2018. Anthu atadandaula, lamulo la kumapeto kwa 2019 linalola maboma a m'zigawo kusintha, ndipo ambiri anabwezeretsa 90. Wandale amamvera amene akufuula kwambiri, ndipo eni magalimoto mawu awo amamveka kuposa a ana, omwe savota n'komwe. Choncho mphamvu yomwe ndikunena ikhale yoyenda mbali imodzi. Lamulo la dziko linene kuti pasukulu iliyonse liwiro ndi 30. Khonsolo, pomva komiti ya sukulu, ikhale ndi mphamvu yonena pomwe chigawocho chiyambire ndi pomwe chithere, ndi pomwe malo owolokera akhale. Ikhoza kuchikulitsa, koma isakhale ndi mphamvu yochichotsa kapena kukweza liwirolo. Akatswiri a Roads Authority akhalebe eni muyeso: hampu ikhale yotalika bwanji, yotambalala bwanji, chikwangwani chiime patali bwanji. Pamsewu waukulu, khonsolo ikapereka pempho lolembedwa, lamulo liike masiku owerengeka, tinene 90, oti bungwelo liyankhe polemba, ndipo likakana lifotokoze chifukwa ndi kunena chomwe liikepo m'malo mwake.

Chifukwa chomwe ndikulimbikira za anthu a pamalopo n'chakuti pali zinthu zomwe mapu a mu ofesi sasonyeza. Injiniya amajambula malo owolokera moyang'anizana ndi geti, pomwe ana ambiri amatulukira pakanjira kachidule ka kuseri kwa chigayo, mamita 200 kuchokera pageti. Amalemba kuti sukulu imayamba m'mawa n'kuweruka masana, osadziwa kuti a Sitandade 1 ndi 2, omwe ndi osatetezeka kwambiri, amaweruka msanga paokha, akulu awo akadali m'kalasi, kapena kuti sukulu zina ana amalowa mosinthana chifukwa cha kuchepa kwa zipinda. Sadziwa kuti tsiku lakuti msika umasefukira mumsewu, kapena kuti mvula ikagwa ngalande imadzaza ndipo ana onse amakwera paphula. Wogulitsa mandasi pageti amazidziwa zonsezi. Amadziwanso dzina la mwana amene anagundidwa teremu yatha koma nkhani yake siinafike kupolisi chifukwa dalaivala anagwirizana ndi makolo pomwepo.

Tisanamizane kuti chikwangwani cholembedwa 30 chingathe vutoli pachokha. Dalaivala amamvera zomwe msewu ukumuuza kuposa zomwe chitsulo cha m'mbali chikunena. Msewu wotakata, wosalala, woongoka, umamuuza kuti athamange. Wapolisi wa kamera sangaime pasukulu iliyonse tsiku lililonse, ndipo akachoka liwiro limabwerera. Chomwe chimagwira ntchito usana ndi usiku ndi malo owolokera okwezedwa, omwe galimoto iyenera kukwera pang'onopang'ono, okhala ndi mizere yochenjeza isanafike. Pamsewu wotakata pamafunika kachilumba pakati, kuti mwana awoloke theka, aime, kenako amalize. Izi n'zofunika kwambiri tsopano pomwe misewu ina ya mumzinda muno yakulitsidwa kukhala ya mizere inayi kapena isanu ndi umodzi. Milatho ya oyenda pansi imathandiza pena, koma ndi yodula, ndipo ikaikidwa kutali ndi pomwe anthu amawolokera, anthu amangodutsa pansi pake. Zina sizifuna ndalama zambiri n'komwe: kusuntha siteji ya minibasi kuti ichoke pomwe ana amawolokera, kapena kutsegula geti la sukulu kumbali ya kamsewu kakang'ono m'malo mwa kumsewu waukulu. Geti lili m'manja mwa komiti ya sukulu lero lomwe.

Za ndalama, mphamvu yopanda thumba ndi yongosangalatsa m'makutu. Aliyense wokwera minibasi amalipira nawo msonkho wa misewu kudzera pa mtengo wa mafuta, kuphatikizapo mayi amene sadzagulapo galimoto moyo wake wonse. N'koyenera kuti gawo lodziwika la ndalama zomwe makhonsolo amalandira zokonzera misewu lizipatulidwa kaamba ka malo a pasukulu, ndipo kontilakitala aliyense wothira phula pafupi ndi sukulu asamalandire malipiro omaliza asanamange malo owolokera. Thumba la chitukuko cha m'dera la CDF nalonso likhoza kugwira ntchito imeneyi. Mdadada wa makalasi timaupempha mosachita manyazi. Njira yoti mwana akafike m'kalasimo ali moyo tiipemphe ndi mphamvu yomweyo.

Ndikanakhala wachinyengo ndikanaloza chala maofesi okha. Abale anga a minibasi, ndikudziwa kuti mwini galimoto amafuna ndalama yake madzulo, ndipo mafuta akwera. Koma kuima pomwe ana amawolokera kuti mutole munthu mmodzi ndiko kumabisa anawo kwa wobwera kumbuyo. Mabungwe anu a pasiteji amatha kulanga dalaivala wodumpha mzere. Angathenso kulanga woima pamalo owolokera. Abale anga a kabaza, inu ndinu mumanyamula ana athu ambiri, nthawi zina atatu kapena anayi panjinga imodzi, popanda ndi mmodzi yemwe wovala chipewa. Ambiri a inu munaphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira kwa masiku ochepa. Sindikunena izi mokunyozani, ntchito ndi yosowa ndipo mukudyetsa mabanja. Koma lamulo la 30 likadzabwera lidzakhala lanunso, ndipo kuzemba hampu podutsa m'mbali momwe mukuyenda ana ndi kupha komwe. Ife ochita malonda tayala tomato ndi makala m'njira ya oyenda pansi, ana n'kumayenda mumsewu. Zikwangwani zikaikidwa zimazulidwa usiku n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo kapena kusulidwa mbaula, ndipo ozulawo sachokera kutali, ndi ana athu omwe. Tikafuna kupatsidwa mphamvu pa msewu, tisonyeze kuti zomwe zaikidwa titha kuzisamala. Apa mafumu ndi atsogoleri a m'mabuloko muli ndi ntchito yomwe ofesi iliyonse singakugwirireni.

Lamulo kusintha kumatenga nthawi, ndipo ana akuwoloka mawa. Choncho teremu ino tichite zomwe zili m'manja mwathu. Komiti ya sukulu iliyonse isankhe makolo oti aime pamsewu kwa sabata imodzi, m'mawa ndi nthawi zonse zoweruka, ndi kope ndi cholembera. Awerenge ana owoloka, alembe pomwe akuwolokera, ajambule pepala losonyeza geti, siteji, msika ndi tinjira tachidule. Aphunzitsi aakulu atsegule buku lolembamo mwana aliyense wogundidwa, ngakhale wangonyuka, tsiku, nthawi, malo ndi mtundu wa galimoto kapena njinga. Kalata yongoti "ana athu akuvutika" imaikidwa pambali mosavuta. Kalata yonena kuti ana mazana akutiakuti amawoloka pamalo akuti pakati pa nthawi yakuti ndi yakuti, yosainidwa ndi mfumu, komiti, mipingo, mizikiti ndi wapampando wa siteji, ndi yovuta kuinyalanyaza. Ipite ku khonsolo kudzera ku komiti ya chitukuko ya wodi, ina ipite ku Roads Authority ngati msewuwo ndi waukulu, ina kupolisi. Podikira yankho, akuluakulu awiri ovala majekete owala azisinthana kuwolotsa ana, apolisi a pamsewu atawaphunzitsa. Ntchito imeneyi isasiyidwe kwa ana okhaokha.

A khansala, pempho langa kwa inu ndi lakuti nkhaniyi muikweze pa msonkhano wa khonsolo yonse, ilembedwe m'mabuku, ndipo mudzabwere pano kudzatiuza chomwe chayankhidwa, chabwino kapena choipa. Kwa aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, uthenga ukafike kuti anthu a ku Chipasula akufuna liwiro la 30 pasukulu iliyonse lilembedwe m'malamulo a pamsewu, ndi mphamvu ya khonsolo yoika malire ake ngakhale pa M1. Makolo anzanga, amene mungathe kuima pamsewu sabata yamawa, musachoke musanalembetse dzina kwa a komiti.